Chifukwa chake ulendo wa pandege wa ku Sydney umafupika popita n'kutalika pobwerera

Munthu amene wagula tikiti ya ndege yochoka ku Johannesburg kupita ku Sydney, mzinda waukulu wa ku Australia, akaiwerenga mofatsa amapezamo zinthu ziwiri zimene poyamba zimaoneka ngati zolakwika. Choyamba n'chakuti ulendo wopita ndi wa maola pafupifupi 12, pamene wobwerera ndi wa maola 14 kapena kuposerapo pang'ono, chikhalirecho ndege ndi yomweyo ndipo mizindayo sinasunthe. Chachiwiri n'chakuti nthawi yonyamukira ndi yofikira sizigwirizana ndi maola amenewa, moti munthu akangowerengera payekha angaganize kuti popita akhala mumlengalenga maola 20, pobwerera maola 6 okha. Amene analemba tikitiyo sanalakwitse. Mtunda wa pakati pa mizinda iwiri umayezedwa kamodzi n'kukhala momwemo, koma nthawi ya ulendo imadalira mawonekedwe a dziko lapansi, mphepo ya kumwamba, malamulo a chitetezo ndiponso mawotchi a mayiko awiriwo. Ndasankha ulendo umenewu chifukwa zonsezi zimaonekerapo bwino kuposa pa maulendo ena ambiri, komanso chifukwa munthu wochokera ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Harare akamapita ku Australia, njira yake yachidule imadzera ku Johannesburg komweko.

Kuchokera pa bwalo la ndege la O. R. Tambo ku Johannesburg kukafika pa bwalo la Kingsford Smith ku Sydney pali makilomita pafupifupi 11,040. Dziko lonse likazunguliridwa pa ikweta limakwana makilomita 40,075, kutanthauza kuti ulendowu ukuposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wozungulira dziko. Oyendetsa ndege sawerengera m'makilomita. Iwo amagwiritsa ntchito mamailosi a panyanja, ndipo mailo imodzi yotere ndi mamita 1,852, choncho m'mapepala awo mtunda womwewu umalembedwa kuti mamailosi pafupifupi 5,960. Amene akufufuza za ulendo wake pa intaneti ayenera kuyang'anitsitsa muyezo umene wagwiritsidwa ntchito, poti palinso mailo ya pamtunda, ya mamita 1,609, ndipo manambala atatuwa amasiyana kwambiri ngakhale kuti akunena za njira imodzi.

Funso lenileni ndi lakuti makilomita 11,040 amenewa ayezedwa motsatira mzere uti. Tikayala mapu a dziko lonse patebulo, Johannesburg ili pa madigiri 26 kum'mwera kwa ikweta, Sydney ili pa madigiri 34, ndipo maso amatiuza kuti ndege iyenera kungolunjika kum'mawa, kudutsa kum'mwera kwa Madagascar, kuwoloka nyanja ya India, kulowa mu Australia chakufupi ndi Perth, kenako n'kudula dzikolo mpaka ku gombe la kum'mawa. Mzere umenewu umaoneka wowongoka papepala, koma pa dziko lenileni ndi wokhota, ndipo ndi wautali ndi makilomita pafupifupi 800 kuposa njira yachidule. Makilomita 800 ndi ulendo wa pafupifupi ola lathunthu pa ndege, ndipo ola limodzi la ndege yaikulu ndi matani angapo a mafuta.

Vutoli limachokera ku mapu. Dziko ndi lobulungira, ndipo chinthu chobulungira sichingayalidwe papepala popanda kuching'amba kapena kuchitanula, monga mmene khungu la lalanje limang'ambikira munthu akafuna kuliyala pansi. Mapu ambiri amene tinakulira nawo m'makalasi amatsatira njira imene Gerardus Mercator anaitulutsa mu 1569, yomwe inali yothandiza kwambiri kwa amalinyero chifukwa inkasunga bwino mbali imene sitima ikulowera, koma imatanula kwambiri madera akutali ndi ikweta. N'chifukwa chake pa mapu oterowo Greenland imaoneka ngati ikulingana ndi Africa, pomwe Africa ndi yaikulu kuwirikiza ka 14. Madera a kum'mwera kwenikweni amatanulidwanso chimodzimodzi, choncho njira yodzera kumeneko imaoneka yaitali papepala pamene pa dziko ndi yaifupi.

Amene akukayika atenge mpira kapena dzungu lobulungira bwino, alembepo timadontho tiwiri totalikirana m'munsi mwa pakati pake, kenako akoke ulusi pakati pa timadonthoto mpaka ulimbe. Adzaona kuti ulusiwo sutsata mzere wopingasa, koma umapendekera kumunsi kumene mpirawo ukucheperachepera. Mzere wa ulusiwo ndi umene akatswiri amautcha great circle, ndipo ndi chigawo cha mkombero umene ungadule dziko pakati penipeni kukhala zigawo ziwiri zofanana. Palibe njira ina pamwamba pa chinthu chobulungira imene ingafupike kuposa imeneyi. Pa ulendo wathuwu, ndege yotsata mzere umenewu imanyamuka ku Johannesburg italoza kum'mwera chakum'mawa, n'kusiya gombe la Africa msangamsanga, imadutsa pafupi ndi zilumba za Kerguelen za kum'mwera kwa nyanja ya India, imatsika mpaka pa madigiri pafupifupi 51 kum'mwera, kenako imayamba kukwera chakumpoto n'kufika mu Australia kudzera kum'mwera, cha kudera la Melbourne. Perth imasiyidwa kutali kumpoto. Wokwera akayang'ana mapu aang'ono a pa sikirini ya pampando amaona ndege ikujambula uta waukulu, ndipo ambiri amaganiza kuti woyendetsa akuzemba chinachake, pamene kumeneko ndiye kuwongoka kwenikweni.

Apa ndinene mongodutsa kuti ulendo umenewu ndi umboni wosavuta kwa amene amafalitsa nkhani zakuti dziko ndi lafulati. Pa mapu awo, amene amaika kumpoto pakati n'kuika kum'mwera m'mphepete, Johannesburg ndi Sydney zimatalikirana kwambiri moti palibe ndege yonyamula anthu imene ingafike osatera panjira, komatu anthu amawoloka pamenepa mlungu ndi mlungu m'maola 12.

Tsopano tibwere ku maola. Ndege zikuluzikulu za masiku ano zikafika pamwamba, pa mtunda wa makilomita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, zimayenda pa liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola. Tikagawa 11,040 ndi 900 timapeza maola 12 ndi mphindi pafupifupi 15, ndipo kukanakhala kuti mpweya wa kumwamba umangokhala bata, imeneyi ikanakhala nthawi ya popita ndi ya pobwerera yomwe. Koma liwiro la 900 limeneli ndi la ndege poyerekeza ndi mpweya umene ikuyendamo, osati poyerekeza ndi nthaka. Asodzi a ku nyanja ya Malawi amaidziwa bwino nkhani imeneyi popanda kuiwerenga m'buku. Mwera ukamawomba m'miyezi yozizira, bwato lolowera kumpoto limafika msanga chifukwa mphepo ndi mafunde zili kumbuyo kwake, pamene lolowera kum'mwera limavutika ngakhale opalasa atakhala omwewo ndi mphamvu zomwezo. Ndege nayo ili ngati bwato m'nyanja ya mpweya, ndipo nyanjayo ikuyenda.

Pamwamba pomwe ndege zimayendapo pali mitsinje ya mphepo yamphamvu kwambiri imene imatchedwa jet stream. Mitsinje imeneyi imayenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa, kumpoto ndi kum'mwera kwa ikweta komwe, ndipo pakatikati pake mphepo imatha kupitirira makilomita 200 pa ola, nthawi zina mpaka 300. Imabadwa chifukwa cha kusiyana kwa kutentha pakati pa mpweya wofunda wa kufupi ndi ikweta ndi mpweya wozizira wa kumalekezero a dziko. Mpweya ukamasuntha chifukwa cha kusiyana kumeneku, kuzungulira kwa dziko kumaupatutsa n'kuulozetsa kum'mawa. Mmodzi mwa anthu oyamba kuiyeza anali Wasaburo Oishi wa ku Japan, amene m'zaka za m'ma 1920 ankaulutsa zibaluni chakufupi ndi phiri la Fuji n'kumatsatira kumene zikutengedwera. Kum'mwera kwa dziko mphepo za kumadzulo ndi zamphamvu ndiponso zosadukiza, chifukwa pakati pa madigiri 40 ndi 60 pali nyanja pafupifupi yokhayokha, popanda mapiri akuluakulu ambiri oitchinga. Amalinyero anazidziwa kalekale mphepo za m'dera limeneli. Mu 1611 Hendrik Brouwer wa ku Netherlands anasonyeza kuti sitima yochoka ku Cape, kunsonga ya kum'mwera kwa Africa, ikayamba yatsika kum'mwera n'kutengedwa ndi mphepo zimenezi kulowera kum'mawa, imafika pa chilumba cha Java, ku Indonesia, msanga kuposa yodzera m'mbali mwa Africa. Ndege yopita ku Sydney ikuthandizidwa ndi dongosolo lomwelo la mphepo, kungoti ili pamwamba.

Tiyerekeze kuti pa ulendo wonse mphepo ikuwomba pa avareji ya makilomita 100 pa ola kuchokera kumadzulo. Popita ku Sydney, ndege idzayenda makilomita 1,000 pa ola poyerekeza ndi nthaka, ndipo idzatha maola 11. Pobwerera idzayenda makilomita 800 pa ola, ndipo idzatha maola 13 ndi mphindi pafupifupi 50. Kusiyana kwa maola awiri kapena atatu kumene kuli pa tikiti kwachokera pamenepa. Pali kanthu kena kobisika m'masamu amenewa kamene ndimaona kuti n'kofunika kukamvetsa. Maola a popita ndi a pobwerera akaphatikizidwa amaposa maola amene ndege ikanatha kukanakhala kopanda mphepo, chifukwa mphepo yakumbuyo imathandiza kwa nthawi yochepa pamene yakutsogolo imalimbana ndi ndege kwa nthawi yaitali. Kampani ya ndege imataya pobwerera zambiri kuposa zimene inapindula popita.

Anthu ambiri amafotokoza kusiyanaku ponena kuti dziko limazungulira pansi pa ndege. Maganizo amenewa akanakhala oona, zinthu zikanakhala zotembenuka, pakuti dziko limazungulira molowera kum'mawa, choncho Sydney bwenzi ikuithawa ndege yochoka ku Johannesburg, ndipo ulendo wopita ndi umene ukanatalika. Zoona zake n'zakuti nthaka ya ku Johannesburg imayenda ndi dziko pa liwiro la makilomita pafupifupi 1,500 pa ola, ndipo ndege yoima pabwalo, mpweya woizungulira ndi anthu onse ali m'katimo akuyenda pa liwiro lomwelo. Ndege ikanyamuka siitaya liwiro limeneli. Kuzungulira kwa dziko kumakhudza ulendo kudzera m'mphepo zimene kumazipatutsa, osati posuntha mizinda pansi pa mapiko.

Chifukwa cha mphepo imeneyi, ndege kawirikawiri siitsata ndendende mzere wachidule uja. Ulendo uliwonse usanayambe, ogwira ntchito yokonza njira amaika mu kompyuta malipoti a nyengo, kulemera kwa ndege ndi malamulo a madera amene idutse, n'kufunafuna njira imene ithe mafuta ochepa kapena nthawi yochepa tsiku limenelo. Popita ku Sydney amafuna kulowa mumtsinje wa mphepo n'kukhalamo nthawi yaitali, ngakhale zitatanthauza kuwonjezera makilomita. Pobwerera amafuna kuuzemba, ndipo nthawi zambiri njira yozembera imakhala kutsika kwambiri kum'mwera, kupitirira madigiri 60, kumene mphepo yakutsogolo imachepa mphamvu. N'chifukwa chake okwera ndege yochoka ku Sydney kupita ku Johannesburg nthawi zina amaona pawindo madzi oundana a m'mphepete mwa Antarctica. Motero njira ya Lolemba ikhoza kusiyana ndi ya Lachinayi ndi makilomita mazanamazana, ndipo maola amasiyananso. Nyengo ya chaka nayo imalowapo, pakuti mitsinje ya mphepoyi imasuntha ndiponso imasintha mphamvu pakati pa dzinja ndi miyezi yozizira ya Juni, Julayi ndi Ogasiti.

Pali chinthu china chimene chimalamulira njira, ndipo kwa ine ndi chimene chimapangitsa ulendo umenewu kukhala wapadera. Pansi pa ndege palibe potera. Ikangosiya gombe la South Africa, mabwalo amene ingathawireko ndi Durban kumbuyo, Mauritius ndi Réunion kutali kumpoto, kenako Perth, Hobart kapena Melbourne kutsogolo. Zilumba za Kerguelen zili pafupi ndi njira, koma kulibe bwalo la ndege. Kwa maola angapo pakati pa ulendo, bwalo lapafupi limakhala kutali ndi makilomita zikwi zingapo. Malamulo a zandege salola kuti ndege italikire bwalo lothawirako mopitirira nthawi imene yavomerezedwa, ndipo nthawiyo imawerengedwa ngati kuti injini imodzi yafa. Ku America lamulo la mu 1953 linkaletsa ndege za mainjini awiri kutalikira bwalo ndi mphindi zoposa 60. Mainjini atayamba kudalirika, kunabwera dongosolo lotchedwa ETOPS, lomwe mu 1985 linalola mphindi 120, kenako mu 1988 mphindi 180. Mu 2014 Boeing 787 inavomerezedwa mphindi 330, ndipo Airbus A350 inavomerezedwa mphindi 370.

Manambala amenewa ali ndi zotsatira zooneka. Kwa zaka zambiri kampani ya ndege ya ku Australia ya Qantas inkayendetsa ulendo wa Sydney ndi Johannesburg pa Boeing 747, ndege ya mainjini anayi, imene inkatha kudula pakati pa nyanja momasuka. Mu 2010 kampani ya V Australia inayamba ulendo wa Melbourne ndi Johannesburg pa Boeing 777 ya mainjini awiri, koma chifukwa cha malire a mphindi 180 ndegeyo inkayenera kukhotera kumpoto kuti ikhale pafupi ndi mabwalo, ndipo ulendo unkatalika kuposa mmene mtunda wake unalili. Ulendowo unatha mu 2011. Qantas itasiya ndege za 747 mu 2020, inadzaika Boeing 787 panjirayi, pamene malire anali atakula, ndipo mu 2024 inaikapo Airbus A380. Choncho ndege ziwiri za liwiro lofanana zikhoza kutha maola osiyana pakati pa mizinda yomweyo, chabe chifukwa chakuti ina yaloledwa kutalikira mtunda kuposa inzake. Wokwera amene wachedwa ndi ola limodzi pa chifukwa chimenechi sayenera kudandaula, pakuti ola limenelo ndi limene limatsimikizira kuti injini itavuta, pali kolowera.

Kupanda anthu kwa dera limeneli kunabweretsa vuto lina lachilendo. Kumayambiriro kwa 2025, Qantas inalengeza kuti yakhala ikuchedwetsa maulendo ena a Sydney ndi Johannesburg chifukwa zidutswa za maroketi a kampani ya SpaceX zimagwetsedwa kum'mwera kwa nyanja ya India, m'dera limene ndegezi zimadutsa, ndipo machenjezo ake ankasintha nthawi itatha kale. Malo amene anasankhidwa chifukwa chakuti kulibe anthu anapezeka kuti ndi msewu wa ndege.

Bwalo lonyamukira nalo lili ndi mbali yake. O. R. Tambo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene bwalo la Sydney lili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Pamalo okwera chotere mpweya ndi wopepuka ndi magawo pafupifupi 15 pa 100, ndipo masana kukatentha umapepukirapo. Mpweya wopepuka umachepetsa mphamvu ya mainjini ndi mphamvu ya mapiko yonyamula, choncho ndege imafunika kuthamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo n'chifukwa chake msewu waukulu wa pabwaloli ndi wa mamita oposa 4,400. Ndege yopita kutali imanyamuka italemera kwambiri ndi mafuta. A380 ikhoza kunyamula malita 320,000, ndipo mafuta a ulendo uliwonse amaphatikizapo ofikira kumene ikupita, opatukira ku bwalo lina ngati kwavuta, ndi ena osungira osachepera a mphindi 30. Mwayi wa ulendo wa ku Sydney ndi wakuti mbali yonyamukira pamalo okwera ndi yomwe ili ndi mphepo yakumbuyo, motero imafuna mafuta ocheperapo. Ndege zochoka ku Johannesburg kupita ku America zilibe mwayi umenewu, ndipo nthawi zina zimachepetsa katundu kuti zithe kudzuka. Kulemera kumakhudzanso liwiro la panjira, chifukwa ndege yolemera siingakwere nthawi yomweyo pamwamba pomwe mafuta amapita pang'ono. Imakwera pang'onopang'ono, masitepe angapo, pamene mafuta akutha ndipo ikupepuka.

Kuwonjezera apo, maola olembedwa pa tikiti si maola a mumlengalenga okha. Makampani amawerengera kuyambira pamene ndege yasuntha pamalo okwerera mpaka pamene yaima pamalo otsikira. M'kati mwake muli kuyenda pang'onopang'ono kupita ku msewu wonyamukira, kudikira pamzere, kukwera ndi kutsika komwe liwiro limakhala lochepa, ndiponso kuzungulira mumlengalenga ngati bwalo ladzaza. Zonsezi zikhoza kuwonjezera theka la ola kapena kuposa. Makampani amaikanso mphindi zina zapadera kuti tsiku la mphepo yoipa asaoneke ochedwa, ndipo n'chifukwa chake woyendetsa ndege akamalankhula ndi okwera amatchula nthawi yocheperapo kuposa ya pa tikiti. Ku Sydney kulinso lamulo loletsa ndege zikuluzikulu kutera kapena kunyamuka pakati pa 11 koloko usiku ndi 6 koloko m'mawa pofuna kuteteza anthu oyandikana ndi bwalo ku phokoso, choncho ndege ikachedwa kwambiri ku Johannesburg siingangonyamuka nthawi iliyonse, imayenera kuwerengera kuti ikafike bwalo lili lotsegula.

Kusokonezeka kwachiwiri kuja n'kwa mawotchi. Tikiti imalemba nthawi yonyamukira malinga ndi wotchi ya kumene mukuchoka, ndipo yofikira malinga ndi wotchi ya kumene mukupita. Johannesburg ili pa nthawi yofanana ndi ya ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo Sydney ili patsogolo ndi maola 8. Kuyambira Lamlungu loyamba la Okutobala mpaka Lamlungu loyamba la Epulo, Sydney imasunthira mawotchi ake patsogolo ndi ola limodzi, ndipo kusiyanako kumakhala maola 9. Tiyerekeze ndege yonyamuka ku Johannesburg 6 koloko madzulo mwezi wa Juni. Ikatha maola 12, kwathu kuno imakhala 6 koloko m'mawa, koma ku Sydney ndi 2 koloko masana, ndipo tikiti ilemba 2 koloko ya tsiku lotsatira. Pobwerera, ndege yonyamuka ku Sydney 10 koloko m'mawa ikatha maola 14, ku Sydney kumakhala pakati pa usiku, koma ku Johannesburg ndi 4 koloko masana a tsiku lomwelo. Wokwera popita amakhala ndi usiku waufupi kwambiri chifukwa akuthamangira kukakumana ndi dzuwa, pamene wobwerera amayenda nalo limodzi, ndipo tsiku lake limakhala la maola 32. Wachibale amene akukachingamira mlendo ayenera kungoyang'ana nthawi yofikira monga yalembedwera, osaichotsera kapena kuiwonjezera kanthu, chifukwa ili kale pa wotchi ya kumene iye ali.

Thupi silisintha msanga ngati wotchi. Munthu akafika ku Sydney amagwidwa tulo masana n'kumakhala maso usiku, njala imabwera pa nthawi yosayenera, ndipo mutu umalemera. Madokotala amanena kuti kupita kum'mawa kumavuta kuposa kupita kumadzulo, chifukwa thupi limavomera msanga kutalikitsa tsiku kusiyana ndi kulifupikitsa, ndipo kuzolowera kusiyana kwa maola 8 kumatenga masiku angapo. Motero ulendo wopita, womwe ndi waufupi pa tikiti, ndi umene umatopetsa kwa nthawi yaitali. Amene akupita kukalemba mayeso, kukayamba ntchito kapena kukalankhula pa msonkhano achita bwino kufika kudakali masiku. Oyendetsa ndege nawonso amatetezedwa ku kutopa kumeneku, ndipo pa ulendo wautali chonchi amakhala oposa awiri, n'kumasinthana kukagona m'kachipinda kawo.

Kwa munthu wochokera ku Lilongwe, maola 12 aja ndi gawo chabe. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu kufika ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,500, ulendo wa maola awiri ndi theka, ndipo pamwamba pake pali maola odikira ndege yachiwiri. Matikiti ambiri otsika mtengo amadzera kumpoto, ku Dubai, ku Doha kapena ku Singapore. Kuchoka ku Johannesburg kupita ku Dubai pali makilomita pafupifupi 6,400, ndipo kuchoka ku Dubai kupita ku Sydney pali pafupifupi 12,000, kutanthauza kuti chigawo chachiwiri chokha chikuposa ulendo wonse wachindunji, ndipo zonse pamodzi ndi makilomita oposa 18,000 ndi maola oposa 21 mumlengalenga, osawerengera kudikira. Njira yodzera ku Perth siyotalika chotero, pakuti ndi makilomita pafupifupi 8,300 kuphatikiza 3,300. Mtengo wa tikiti sutsata mtunda, umatsata mpikisano wa makampani ndi kuchuluka kwa mipando, choncho njira yaitali ikhoza kukhala yotchipa. Sindinganene kuti kusankha yotchipa n'kulakwa, makamaka pamene ndalama zakunja zikusowa, koma munthu woyenda ndi ana aang'ono kapena ndi kholo lokalamba ayenera kuwerengera maola onse, kuyambira pakhomo mpaka pakhomo, asanalipire.

Maola 12 akhoza kuoneka ambiri, koma ulendo umenewu unayamba uli wa masiku. Qantas inatsegula njira ya pakati pa Sydney ndi Johannesburg mu Seputembala 1952 pa ndege ya Lockheed Constellation, ya mainjini anayi a zopukusa, ndipo inkayenda kamodzi pa milungu iwiri. Popeza siikanatha kuwoloka nyanja yonse kamodzi, inkatera ku Melbourne, ku Perth, pa zilumba za Cocos ndi ku Mauritius, ndipo ulendo wonse unkatenga pafupifupi masiku atatu. Njirayi inapatsidwa dzina lakuti Wallaby Route, kuchokera ku kanyama ka ku Australia kofanana ndi kangaroo kamene kamayenda modumphadumpha. Ndege za jeti zitabwera, liwiro linakwera pafupifupi kawiri, koma kuyambira m'zaka za m'ma 1960 silinasinthenso kwenikweni, ndipo Boeing 707 ya nthawi imeneyo inkayenda pa liwiro lofanana ndi la 787 ya lero. Zimene zasintha ndi kutalika kwa mtunda umene ndege ingayende osatera, kuchepa kwa mafuta amene imamwa, ndi kudalirika kwa mainjini. Chifukwa chimene liwiro silinasinthe n'chakuti ndege ikayandikira liwiro la phokoso, mpweya umayamba kuikaniza mwamphamvu kwambiri, ndipo kuwonjezera liwiro pang'ono kumadya mafuta ochuluka zedi. Ndege ya Concorde, imene inanyamula anthu kuyambira 1976 mpaka 2003, inkayenda makilomita oposa 2,000 pa ola, koma mafuta ake ankangokwanira makilomita pafupifupi 7,000, ndipo pakati pa Johannesburg ndi Sydney akanatha ili pamwamba pa nyanja, kutali ndi bwalo lililonse.